Mmene mungatayire ndalama ya chilimba pa mwala wobiriwira

Musafunse dzina la mwalawo, aneba. Ngati ndi wobiriwira, ndi emerald basi. Tonse tikudziwa kuti mgodi wa Kagem uli ku Lufwanyama, ndiye mwala womwe mnyamata wausolola m'sokosi pa siteshoni ya mabasi ku Chazanga ungachokerenso kuti? Akanena kuti mlamu wake amalondera kumgodiko, gwedezani mutu. Alonda a kumigodi ali ndi alamu ambiri mu Lusaka muno.

Pangapezeke wina wa sukulu wonena kuti kubiriwira kopendekera ku chikasu, ngati ndimu yongoyamba kupsa, ndi kwa peridot, mwala wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi emerald. Adzati mtunduwo umabwera ndi chitsulo chomwe chili m'mwalamo, ndipo malo otchuka nawo ndi San Carlos ku Arizona, mapiri a ku Pakistan, Mogok ku Myanmar ndi chilumba cha Zabargad ku Egypt. Ameneyo ndi wa nsanje. Wogulitsa akasintha nkhani n'kunena kuti chabwino, ndi peridot koma wa ku Lundazi, onjezani ndalama. Zoti Lundazi amadziwika ndi aquamarine ndi tourmaline zisakusokonezeni.

Nthawi yabwino yogulira ndi madzulo magetsi atathima, mukuunika ndi tochi ya foni. Kagalasi kokuzira zinthu kasiyeni kwa okonza mawotchi. Peridot weniweni amagawa kuwala pawiri, moti mukasuzumira mwala wosemedwa, mizere ya kuseri imaoneka iwiriiwiri, pomwe galasi la botolo limaonetsa mzere umodzi ndipo kawirikawiri limakhala ndi tithovu tozungulira mkati. Mukaona tithovuto mungakhumudwe, n'kuyamba kukumbukira mabotolo obiriwira omwe ana amatola kuseri kwa bala. Kulemera kwake musayesenso. Peridot amalemera kuposa madzi ka 3.3, galasi wamba pafupifupi ka 2.5, ndipo manambala otere amangochedwetsa malonda.

Mukadali kunenerera, padzatulukira bambo wina wa jekete, wosadziwana ndi wogulitsayo ngakhale pang'ono. Adzaugwira mwalawo, adzapuma mozama, n'kukunong'onezani kuti mawa augula kuwirikiza kawiri, kungoti lero ndalama ili ku banki. Apa musazengereze. Tulutsani yonse ya chilimba, ndipo ikaperewera, wa kaloba ali pafupi. Ku Geological Survey Department m'tauni kuli akatswiri oyesa miyala, koma kupita kumeneko n'kunyoza bambo wa jekete uja, munthu wamkulu.

Nthawi zina tsoka limagwa, mwalawo n'kukhaladi peridot, osati gong'a. Musataye mtima, mpata woononga ukadalipo.

Osonkhanitsa miyala amafuna peridot ali mmene anamerera, nsonga ndi mbali zake zili zosaphwanyika, kapena timibulu tobiriwira tidakali m'mwala wakuda wa chiphalaphala womwe unatitulutsa pansi pa dziko. Choncho tengani hamala mugumule chakudacho, ndi litsiro. Nsonga ikathetheka, ndi umboni woti munagwira ntchito. Kenako uviikeni m'madzi a batire ya galimoto kuti uwale. Asidi ameneyo amadya peridot pang'onopang'ono, ndiye usiku umodzi ukaoneka kuti sunakwane, onjezani wina. Ena amauyesa pa mbaula n'kuuponya m'madzi ozizira. Njira imeneyi ndimailemekeza chifukwa siichedwa: mwala umodzi umasanduka miyala isanu, yokwanira kugawira ana.

Chotsalacho chisungeni m'thumba la buluku limodzi ndi makiyi ndi makobili. Pa sikelo ya Mohs, peridot ali pakati pa 6.5 ndi 7, pomwe mchenga wa quartz, womwe mphepo ya Ogasiti imatimwaza nawo m'maso kuno ku Chazanga, uli pa 7. Mukamaupukuta ndi malaya a fumbi m'mawa uliwonse pouonetsa anzanu pa kantemba, udzachita mikwingwirima n'kuzilala wokha popanda kulipira aliyense.

Kunyumba musanene kanthu mpaka tsiku lomwe amayi a ana adzafunse ya lendi. Pamenepo ikani mwalawo pa tebulo, mufotokoze kuti ku Ulaya ndi mwala wa obadwa mu Ogasiti, ndipo wina umapezeka m'miyala yogwa kuchokera kumwamba. Zonsezi n'zoona, ndipo alandilodi angakonde kuzimva.

Bambo wa jekete muziwaimbira katatu pa tsiku. Foni ikamakana kulowa, ndiye kuti akadali pa mzere ku banki.