Wakatapila ndi BODMAS

Kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambiwu ndinkauyesa wa pa maukwati ndi pa maliro, mpaka sabata yatha pomwe mwana wa mchemwali wanga, amene akukonzekera mayeso a JCE, anandiuza kuti ku masamu nakonso uliko. Mainasi akakhala yekha ndi ngongole, koma akachulukitsana ndi mainasi mnzake amasanduka pulasi: −3 kuchulukitsa ndi −3, yankho ndi 9. Amphawi awiri akwatirana, mwana wabadwa atafumbata ndalama.

Uthengawu ukanafika kwa amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu wa M6 pa Mwanza, bwenzi kuli nthungululu. Pajatu ena mwa iwo mamainasi awiriwo ali nawo kale: wina ku banki m'khonde, wina kwa wakatapila amene anawakongoza kuti akatseke ya ku banki m'khonde komweko. Tsoka ilo, ngongole sizichulukitsana, zimangophatikizana. −20,000 ikakumana ndi −20,000 inzake zimabala −40,000, ndipo wobwera kudzalanda mapoto amakhalanso awiri.

Katswiri wa BODMAS m'boma lino ndi wakatapila, olo akhale kuti analekezera Sitandade 5. Mwatenga K20,000, pangano n'lakuti mwezi ukatha mubweza kuwirikiza kawiri. Pakati pa mwezi madalaivala a matiraki olowera ku Zobue akugulani bwino, mwathamanga kukasiya K5,000. M'mutu mwanu mwaika kale mabulaketi: (5,000 − 20,000) × 2, ndiye kuti mwatsala ndi ngongole ya K30,000. Iye mabulaketiwo sawaona. Amayamba wachulukitsa kaye, kuchotsera pambuyo: 5,000 − 20,000 × 2, ngongole K35,000. Palibe walakwitsa kuwerengera, kungoti aliyense wayankha funso lake. Chowawa n'chakuti pakapanda mabulaketi lamulo la masamu limaikira kumbuyo wakatapila. Ngakhale ochonga mayeso a MANEB akhoza kumupatsa malikisi onse.

Timizere tiwiri tokhota, tomwe ana amatiiwala pothamangira kumaliza, apa tadya K5,000 ya mayi wokhalira dzuwa tsiku lonse. Ndipo pangano la katapila limachitikira pakamwa, kuseri kwa golosale, pomwe mabulaketi salembeka. Njira yowaikira ndi imodzi, kufunsa ndalama zisanalowe m'mpango: "Achimwene, ndikabweza zina mwezi usanathe, muwirikiza zotsalazo kapena zonse?" Iye amamwetulira, n'kuyamba kuwerenga ma K5,000 mokweza, amvekere: "Mayi, zimenezo tidzaonera pomwepo."