Mluzu wa Pansi pa Boneti

Mwa matenda onse amene agwera amuna a m'tauni m'masiku ano otsiriza, palibe ovuta kuchiza ngati aja ogwira munthu amene anaitanitsa galimoto yabwinobwino ku Japan, nayenda nayo mwamtendere kuchokera ku Dar es Salaam mpaka kudzalowera pa Songwe, koma patangotha miyezi yowerengeka nayamba kuiyang'ana ndi diso lachipongwe, chifukwa chakuti mnyamata wina wa Subaru anamupitirira pa msewu wa Chipembere ndi kamluzu kaja ka "psss!" komveka posintha giya. Kuyambira tsiku limenelo nsima siimutsikira pakhosi, ndipo m'kamwa mwake mutsala liwu limodzi lokha: turbo.

Chipangizochi pachokha chilibe mlandu. Alfred Büchi wa ku Switzerland, amene anachilembetsa m'chaka cha 1905, anaona kuti utsi wotayika ku ekizozi ungathe kuzunguza kagudumu kamapiko, ndipo kagudumuko, pozungulira koposa maulendo 100,000 pa mphindi, kangathe kuzunguza kanzake kokankhira mpweya wochuluka mu injini, kuti mafuta ambiri apse ndi mphamvu ichuluke. Koma amene anapanga Subaru za turbo zakale zija anasiyira mpweyawo malo, pakuti pisitoni inkaufinya pafupifupi 8 kwa 1. Pamene injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Sienta zambiri zoyenda m'misewu yathu, imafinya kale 10.5 kwa 1, ndipo Mazda Demio ya Skyactiv ya 2011 inafika pa 14 kwa 1. Kuika turbo pa injini yotere kuli ngati kondakitala amene wadzaza kale anthu anayianayi pa mpando, nafuulabe kuti "Sunthani, alowe wachisanu!" Mpweya ukafinyika mopyola muyeso umatentha, petulo naphulika yekha osadikira lawi lochokera ku pulagi, ndipo kuphulikako kumakhoma pisitoni kufikira itasweka.

Zonsezi mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango amazidziwa, kapena theka lake. Koma mwambo wa m'tauni sulola kuti munthu wobwera ndi ndalama m'thumba auzidwe kuti ayi. Tsono mmisiriyo apukuta manja pa ovolosi, nayamba kuwerenga ndi zala zofunika zonse: intercooler yoziziritsa mpweya, ma injector aakulu, pampu ya petulo yamphamvu, paipi yopititsa oyilo ku turbo, ndi katswiri wosintha kompyuta ya injini kuti moto uziyaka mochedwerapo. Pofika chala chachitatu nkhope ya mwini galimoto yagwa kale.

"Amisiri, tiyeni tiyambe ndi chenichenicho. Tinatito tidzaona mwezi ukatha."

"Musadandaule, bwana, zimatheka. Tiika magasiketi awiri, mpweya upeze popumira."

Chenichenicho ndi turbo yakuda bii yochotsedwa pa galimoto ya dizilo imene inagubuduzika kalekale, yogulidwa kwa a sikirapu patatha ola lathunthu akunenerera mtengo. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, amene anatsala pang'ono kulira pa mtengo wa paipi ya oyilo, atulutsa ndalama osanenerera pogula kawotchi koyaka buluu koika pa dashibodi, pamodzi ndi malemba asiliva akuti TURBO omata kumbuyo. Pakuti paipi ibisika pansi pa boneti, koma malemba aonedwa ndi apongozi.

Aphungu nawo sasowa. Pamene boneti yatsekulidwa m'tauni, anthu amasonkhana osaitanidwa, manja kumbuyo, aliyense ndi uphungu wake, ngakhale amene chuma chake chonse ndi njinga yopanda buleki. Wina, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, alimbikitsa mwini galimotoyo kuti petulo wa kuno ndi wamphamvu chifukwa amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo. Mkuluyo sakunama: dziko lino linayamba kusakaniza chotero mu 1982, ndipo ethanol amathandizadi kuti petulo asaphulike msanga. Chimene onse akudziwa, koma ulemu sukuwalola kutchula, n'chakuti mafuta akasowa bwana wathuyu amathira a m'zigubu, amene makolo ake sadziwika.

Njira yochitira zimenezi mwa umphawi koma mwanzeru ilipo ndithu: mpweya wowonjezera ukhale wochepa, cha m'ma 0.3 kapena 0.4 bar, uziziritsidwe, petulo akwanire, kompyuta isinthidwe, ndipo phazi likhale laulemu. Galimoto imalimbako pokwera zitunda, osati kwambiri. Koma ndani angapite kumalo omwera tsiku Lachisanu kukauza anzake kuti wawononga malipiro a miyezi ingapo kugula 0.3? Kotero, mmisiri atapita kukagula ndudu, mwini galimoto anong'oneza sipanala boyi kuti amange pang'ono wastegate, kachitseko kochepetsa mpweya wa turbo, mluzu uzimveka bwino. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha, mnyamatayo asema.

Loweruka masana galimoto ilowa msewu wa ku Chileka, magalasi otsitsa kuti dziko lonse limve. Giya yachiwiri, psss! Yachitatu, psss! Kenaka kumveka kaphokoso ngati timiyala m'chitini, kamene mwiniyo akagonjetsa pokweza wailesi. Ndipo asanatembenuke, taonani, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo, madzi asakanikirana ndi oyilo, injini yanoka.

Apa ndi pamene ulemu wa m'tauni umaonekera mu ulemerero wake wonse. Mmisiri agwira chibwano nanena kuti injiniyo inabwera kale ndi vuto kuchokera ku Japan. Wajekete uja akumbukira kuti iye anachenjeza. Achibale apukusa mitu nati anthu sakondwa munthu akamatukuka, ndipo maso onse atembenukira kwa mnansi wosalakwa. Mayi a kunyumba auzidwa kuti galimoto ili ku sevisi, iwonso, pokhala mayi olemekeza banja, avomera, nafunsa mwaulemu ndalama ya minibasi m'mawa uliwonse.

Turbo ija yachotsedwa, yatsukidwa ndi palafini, ndipo ikutsatsidwa pa Facebook kuti inagwira ntchito tsiku limodzi lokha. Owerenga okondedwa, mukaiona musakayike: wogulitsayo akunena zoona.