Mudzatopa ndi fomu ya seguro

Msuweni wanga amene amadula kapinga ku Joni ananditumizira mawu pa WhatsApp sabata yatha, akuseka mpaka kutsamwa. Akuti galu wa abwana ake anameza sokosi. Anathamangira naye kuchipatala cha ziweto, anamujambula m'mimba, anamung'amba, n'kugona kumeneko masiku awiri diripi ili pamwendo. Bilu yake iyeyo akanaigwirira ntchito miyezi ingapo, koma abwana sanagwedezeke n'komwe, chifukwa galuyo ali pa inshuwalansi. "Asuweni," anamaliza motero, "nanga Mudzatopa wanu uja mwamulembetsa?"

Mawuwa anandipeza pachigafa kuno ku Furancungo ndikusoka fodya, Mudzatopa ali pambali panga akukanda patsinde pa mzati. Ndinamusiya akande. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo uyu ndi nkhalamba yeniyeni, imvi zafika mpaka kukamwa.

Seguro, ndiye kuti inshuwalansi, imene timaidziwa kuno ndi ya njinga yamoto, kapepala kosunga m'pulasitiki kuti apolisi akakuimitsa pamsewu wa ku Tete usayambe chibwibwi. Ya galu inandisowetsa mtendere, moti ndinapempha msuweni andiwerengere zomwe zili papepala la abwana akewo. Zinali motere: umalipira mwezi ndi mwezi, galu adwale asadwale. Ukangolembetsa pali masiku odikira, ndipo akadwala m'masiku amenewo ndi zako. Matenda amene anali nawo kale sawawerengera. Bilu ikabwera, kachigawo koyamba umatulutsabe m'thumba mwako. Ndiye panali mzere umene unandiimitsa singano m'manja: galu amene wapitirira zaka 8 kapena 9, makampani ambiri samulandiranso ngati watsopano.

Galu wamkota, yemwe makolo anamupatsa ulemu wa mwambi wathunthu, pa fomu amathera pakhomo.

Komabe ndinayesa kuidzaza fomuyo m'mutu. Dzina: Mudzatopa, ndipo musandifunse kuti amayi ankanena ndani pomutcha dzinali, mudzi wonse ukudziwa. Tsiku lobadwa: chaka chomwe tinamanga nkhokwe yachiwiri, dzinja lake. Mtundu: galu. Akafunsitsa kuti galu wanji, ndinena kuti wofiirira. Chakudya: nsima ya gaga, mkute, ndi chilichonse chimene mwana wayang'ana kumbali. Ntchito: ulonda usiku, kukumba mbewa nthawi yokolola, kuperekeza maliro osaitanidwa. Matenda akale: apa pepala likhoza kutha. Khutu lamanzere linatsala theka pa mkangano wake ndi nkhumba ya kwa aneba, mwendo wakumbuyo unapsompsonana ndi njinga, mphere zimabwera ndi kupita ngati alendo a pachibale, nkhupakupa ndiye ndi eni nyumba. Mukachotsa zonsezi pa mndandanda, chotsala cholipirira inshuwalansi ndi mchira.

Za mphaka sindinayambe n'komwe. Amagona kwathu, amadya kwa alamu, makoswe amagwira kunkhokwe ya agogo. Pamzere wa "mwini wake" tisainepo ndani?

Ndili mkati mowerengera choncho m'pamene ndinazindikira kuti mwambi uja sunalakwe, ndimangoyang'ana galu wolakwika. Wamkota weniweni ndi kampaniyo. Ku Sweden anayamba kulembetsa agalu pa inshuwalansi mu 1924, ku America galu woyamba anali Lassie wa pakanema uja, mu 1982. Anthu amene akhala akukanda zaka zonsezi una wa mbewa amaudziwa ndi fungo: kagalu kakang'ono, kathanzi, kamene mwini wake adzalipira zaka zambiri kasanayambe kutsokomola. Pa Mudzatopa anganunkhize kamodzi n'kudutsa.

Sindikuwanyoza abwana a msuweni wanga. Kumene kuli dokotala wa makina ojambulira, bilu n'kukhala yotha kukugulitsa galimoto, kupereka marandi pang'onopang'ono n'kwanzeru, makamaka ngati galuyo amagona pampando ndipo ana amamulira ngati m'bale. N'chipereganyu basi, kungoti msungichuma wake amavala tayi ndipo malamulo analemba yekha. Koma ine nditati ndilipire pa M-Pesa mwezi uliwonse osaphonya, tsiku limene Mudzatopa wameza sokosi ndipita naye kuti? Ndimukweze chapa wa ku Tete, kondakitala andilipiritse mpando wake, afike atasanzira anthu njira yonse? Alangizi a ziweto amene timawaona kuno amatanganidwa ndi ng'ombe, mbuzi ndi chitopa cha nkhuku, ndipo m'pomveka, poti zimenezo ndiye sukulu ya ana ndi feteleza. Ndiponso Mudzatopa sangameze sokosi. M'nyumba muno peyala ndi imodzi ndipo imakhala m'sutikesi.

Pali pepala limodzi lokha la galu limene ndimalisamala ngati la munda, la katemera wa chiwewe. Pamenepa sindiseka. Amene anaonapo mwana wolumidwa ndi galu wopenga, makolo akugulitsa mbuzi kuti apeze ya mayendedwe okabayitsa jakisoni kangapo konse, amadziwa chifukwa chake. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Bungwe la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Limatinso agalu 7 mwa 10 aliwonse m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. N'chifukwa chake pa 28 September pali tsiku lokumbukira zimenezi. Uthenga ukangomveka kuti a katemera abwera, Mudzatopa ndimamumanga chingwe cha mbuzi n'kumukoka, akulira ngati akupita kokaphedwa, ana akutiseka njira yonse. Jakisoniyo amabaya galu, koma amene ndimawaganizira pamzerepo ndi adzukulu anga amene amamukoka makutu.

Msuweni ndinamuyankha madzulo ake kuti fomu yakanika pa zaka. Ndinamufunsanso ngati iyeyo, atameza sokosi, abwana angathamange naye chimodzimodzi. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, koma yankho silinabwere mpaka lero.

Nthawi yonseyi Mudzatopa anali akukandabe pamzati paja, dothi likuwazikira pafodya wanga. Atafika mozama anaima, nalowetsa mphuno, n'kutulutsa patapata lakumanzere limene mdzukulu wanga anakwapulidwira chaka chatha.