Kamba wa Munthu Wofuna Kuonda

Pamene anamwino anandiuza kuti ndivule nsapato ndi kukwera pa sikelo, ine amene kwa zaka 20 ndakhala ndikuyenda m'misewu ya Limbe mwaulemerero, mimba patsogolo mwini wake pambuyo, ndinakwera wopanda mantha, pakuti kufikira tsiku limenelo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuzapo kuti chimene kwathu amachiyesa chizindikiro cha madalitso chikhoza kulembedwa m'buku la kuchipatala monga mlandu. Muvi wa sikelo unathamanga ngati mbuzi yoduka chingwe, nukaima pa makilogalamu 94. Anandiyezanso msinkhu, napeza mita imodzi ndi masentimita 68. Nachita masamu awo ogawa kulemera ndi msinkhu kawiri, natulukira 33. Ndinanyadira, poyesa kuti ndakhoza mayeso, kufikira atandifotokozera mofatsa kuti pa mayeso amenewa wofika 25 wapyola kale muyezo, ndipo wopitirira 30 waima pakhomo pa nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, nayamba kuodira.

"Nanga masana kuntchito mumadya chiyani, bambo?"

Ndinayang'ana kudenga monga mboni yogulidwa pabwalo la mfumu. Choona nchakuti kuseri kwa ofesi yathu kuli chiwaya, ndipo pachiwayapo pali mnyamata wodziwa mayendedwe anga koposa abusa a mpingo wathu, amene akangoona mthunzi wanga ukukhota pangodya amayamba kuwolera tchipisi m'mbale, nathira mchere ndi tsabola, naikapo nthuli za mbuzi, nawaza pamwamba kabichi wochepa wongochotsera manyazi. Pamene ndinaulula izi, ndinadziteteza monga munthu wophunzira. Ndinati tchipisi ndi mbatata ya kachewere yolimidwa m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, motero ndi chomera cha m'munda. Anamwino nayankha kuti a bungwe la WHO, polangiza munthu kudya magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso tsiku lililonse, mbatata ndi chinangwa saziwerengera. Ndinati masupuni anayi a shuga amene ndimathira mu tiyi wotsitsira mandasi ndi mankhwala, popeza shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathiramo vitamini A. Iwo nati malire a tsiku lonse ndi magalamu 50, ndiwo masupuni aang'ono 12, ndipo botolo limodzi la chakumwa chozizira limatha pafupifupi 8 mwa amenewo. Ndinatuluka m'chipindamo ndilibe mfundo yotsala, koma njala yokha.

Cholakwa changa chachikulu chinali kukasimba nkhaniyi kunyumba, ndikuyembekeza chifundo. Walira mvula walira matope. Mayi a ana, amene kwa zaka zambiri akhala akusuntha mabatani a malaya anga osadandaula, anamvetsera mwachidwi chimene sindinachionepo pa nkhani zanga zina zonse, ndipo m'mawa mwake, tambala asanatsike, ndinapeza pathebulo bakuli lomangidwa m'kansalu.

"Kamba wanu uyu, bambo. Ndalama ya masana mundisiyire."

M'bakulimo munali magulu onse 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi kusikelo ya ana, ngati kuti ine ndine khanda la miyezi 9: mbatata yophika yofiira m'kati, nyemba zopanda mafuta ambiri, tiusipa towerengeka, bonongwe wotendera, gwafa, ndi kachidutswa ka peyala. Padera panali mtedza wokazinga wongodzaza chikhatho chimodzi chofumbata, wa pa 10 koloko, pakuti mayiwo anali atamva kuti mafuta, ngakhale a mu mtedza womwe, amapatsa thupi mphamvu yoposa kawiri ya ufa wolemera chimodzimodzi, ndi kuti mchere wa tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi. Mbatatayo, anatero, ndi ya mtundu wotchedwa Kadyaubwerere. Amene anaipatsa dzina limeneli sanali kuganiza za munthu wopatsidwa zidutswa ziwiri zokha.

Ndinayang'anitsitsa bakulilo, mtima wanga nubwerera kumudzi. Kodi si bonongwe yemweyu, womera yekha pa khola lakale la ng'ombe, amene ndinam'thawa pamene ndinali kuyenda mitunda wopanda nsapato kupita kusukulu? Kodi si nsima ya mgaiwa imene tinali kulumbira kusukulu yogonera komweko kuti tikadzayamba ntchito sitidzaikhudzanso? Makolo anga anagulitsa mbuzi kuti mwana wawo adzadye ufa woyera ndi zonona, ndipo taonani, mwanayo atavala tayi, wokwera minibasi ya ku Ndirande, akufungatira pamiyendo chakudya cha agogo ake, chimene tsopano madokotala achikweza pampando wa ulemu.

Komatu anzeru amene amalemba malangizo a kadyedwe, ngakhale adziwa kuwerenga magalamu, sadziwa ofesi yathu. Iwo amayesa kuti munthu amatsegula bakuli lake, nadya yekha, natseka, monga achitira anthu opanda abale. Ife tinaleredwa kuti wodya osaitana mnzake ndi mfiti, kapena ali panjira yophunzira ufitiwo, chomwecho pamene ndinamasula kansalu kaja, pakamwa panga pananena pokha mawu amene agogo anandiphunzitsa ndi mkwapulo: "Tiyeni tidye." Mawu amenewa, mwa mwambo, amayankhidwa ndi zikomo wa patali. Koma a mesenjala athu, munthu wowonda ngati bango amene amadya ngati ng'ombe za m'maloto a Farao, zija zinameza zinzake zonenepa osasintha maonekedwe, anasamba m'manja. Adona olembera makalata anati akungolawa bonongwe, pakuti wawakumbutsa malemu amayi awo, ndipo ndani angaletse munthu wamasiye? A kalaliki a zandalama anafika atatambasula kale dzanja, mtedza wanga wa chikhatho chimodzi nupeza zikhatho zitatu. Ine ndinatsala ndi gwafa.

Tsono anthu amenewa si akuba. Ndi anthu oleredwa bwino, odziwa kuti kupatsa ndi kuika. Isanakwane 2 koloko, a kalaliki anatuma mwana kuchiwaya, nandiikira pathebulo mbale yofuka nthunzi, nati, "Achimwene, mwatidyetsa, nafenso tisakhale ngati agalu." Kukana mphatso ya munthu wobweza ulemu ndiko kum'tukwana, ndipo ine sinditukwana anthu. Ndinadya chifukwa cha mtendere wa mu ofesi, ndinanyambita zala chifukwa cha umodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo malonda a Esau anakhazikika pakati pathu, kungoti Esau uja anagula mphodza, pamene ine ndinali kugulitsa nyemba.

Chikumbumtima chitandivuta m'sabata yachitatu, ndinaganiza zodyera mobisala m'chipinda chosungiramo mafayilo akale, pakati pa fumbi ndi mphemvu, monga fisi amene akatola fupa sadyera pomwepo. Masiku 10 ndinapirira, ndikudzilimbitsa ndi nkhani ya Danieli ndi anzake amene anakana zakudya za mfumu ya ku Babulo nadya zomera ndi madzi. Ndipo sindinalole kukumbukira kuti pakutha pa masiku awo 10 anyamatawo anapezeka onenepa koposa anzawo. Kamba wangayo, monga mnzake wa kutchire wa dzina lomwelo, anayenda pang'onopang'ono, koma anayenda ndithu: lamba anabwerera bowo limodzi. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti kwathu kuno munthu saonda mwaulere. Mu ofesi munayamba manong'onong'o akuti ndalowa ngongole ya katapila; ena anati mayi a ana andidyetsa mankhwala ondipusitsa; mkulu wa mpingo anandigwira dzanja nthawi yaitali pakhomo pa tchalitchi, nandiyang'ana m'maso, nati akundikumbukira m'mapemphero. Apongozi anafika kuchokera kumudzi osaitanidwa, nkhuku ili kukhwapa, naitanira mwana wawo kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva ndi makutu anga akufunsa kuti, "Kodi bambowa mwawayezetsa?" Nkhukuyo inaphedwa usiku womwewo, nikazingidwa m'mafuta ofika m'khosi, ndipo pamaso pa apongozi mkamwini sasiya nthuli m'mbale.

Pofuna kuyeretsa mbiri yanga ndi ya banja langa, ndinabwezera bakuli pathebulo la onse, malonda aja nayambiranso. Madzulo alionse ndinali kulipereka kunyumba lopanda kanthu, loyera ngati latsukidwa, mayi a ana nandiyamika chifukwa cha kumvera kwanga, ngakhale anali kudabwa kuti munthu wodya bonongwe angadontheze bwanji mafuta pa tayi. Pakutha pa mwezi wachiwiri sikelo inanena 95. Anamwino anaigwedeza, nandikwezanso, ninenanso chimodzimodzi. Ine ndinapereka maganizo akuti mwina masokosi.

Loweruka lapitali, ndili chigonere pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ndinamva kuodira kumpanda, ndipo ndisanadzuke, pakuti kudzuka kwanga kumafuna nthawi, mayi a ana anali atatsegula kale. Anali a mesenjala, nkhope yosalala, maso owala, atanyamula bakuli limene ndinaliiwala mu ofesi dzulo lake. Anagwada mwaulemu wonse, nalipereka ndi manja awiri.

"Mayi, ndati ndidzathokoze ndekha. Chiyambire kudya za m'manja mwanu, m'mimba munasiya kundivuta, ndipo njinga ndikukwera nayo chitunda cha ku Bangwe osatsika. Adona akuti muwapatse moni. Koma a kalaliki akuti bonongwe wa Lachitatu mchere unachepa."

Mayi a ana analandira bakulilo, nalitembenuza kawiri m'manja mwawo, natembenukira pansi pa mango pamene ine ndinali nditatseka maso ndi mphamvu zanga zonse.

"Khalani pansi, achimwene," anatero. "Mundiuze bwinobwino, kuyambira pachiyambi."