Kodi Munthu Wotukulidwa Amadziwika ndi Chiyani?

Mabuku akale a mbiri amanena kuti Azungu anabwera ku Africa kudzatukula anthu. Mawu amene Angerezi ankanena ndi akuti civilise, ndipo Afalansa ndi Apwitikizi anali nawonso awo ofanana nawo. Ife timangoti kutukula, kutsegula anthu m'maso kapena kuwachotsa umbuli. Mawuwa amamveka bwino ukamawerenga mothamanga, koma ukawakhalira pansi mutu umaima. Mafunso anga ndi apafupi, ndipo ndikufunsa chifukwa ndikufunadi kudziwa.

Msewu ukatukulidwa timaonera phula. Nanga munthu timaonera chiyani? Apwitikizi ku Mozambique anayesa kuyankha funsoli ndi lamulo. Kuyambira mu 1917, munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati wotukuka ankayenera kukapempha chikalata ku boma, ndipo akachilandira ankatchedwa assimilado. Lamulo la mu 1954, limene linkamanganso abale athu a ku Tete ndi ku Angónia, linkati wopemphayo akhale wopitirira zaka 18, wolankhula bwino Chipwitikizi, wokhala ndi ntchito yodyetsa banja lake, ndiponso wa makhalidwe onga a nzika ya Portugal. Mu 1950 anthu amene anali ndi chikalatachi sankakwana 5,000, m'dziko la anthu oposa 5 miliyoni.

Apa ndi pamene ndimasokonezeka. Tiyerekeze mkulu wina wa ku Angónia wolankhula Chichewa, Chinyungwe ndi Chisena, wodziwa kuweruza mlandu wa malire a munda mpaka mbali zonse ziwiri zigwirane chanza, amene nkhokwe yake siiuma ndipo ana amasiye a mlongo wake amadya pakhomo pake. Pa lamulo lija mkuluyu anali wosatukuka, chifukwa cha Chipwitikizi basi. Komatu m'chaka chomwecho cha 1950, ku Portugal kwenikweniko anthu pafupifupi anayi pa khumi alionse sankatha kuwerenga. Wotere akatsika sitima ku Beira anali kale wotukuka, popanda womufunsa funso ngakhale limodzi. N'chifukwa chiyani mayesowo ankalemba ndi wakuda yekha? Ngati kutukuka ndi chinthu choti munthu aphunzire, zinatheka bwanji kuti wina abadwe nacho?

Wopanda chikalata ankatha kugwidwa kukagwira chibalo, ntchito yokakamiza ya m'misewu ndi m'minda ya atsamunda. Akalakwa ankamenyedwa m'manja ndi palmatória, kathabwa kokhala ndi timabowo kumapeto, mpaka zikhatho kutupa. Kodi kumenyako kunali mbali ya maphunziro a chitukuko? Wogwira kathabwako ndi wotambasula dzanjayo, amene ankafunika kuchotsedwa nkhanza ndi uti?

Ndiye mu September 1961, chaka chimene nkhondo inabuka ku Angola, boma la Portugal linathetsa lamulo lija n'kunena kuti onse tsopano ndi nzika. Kodi anthu mamiliyoni onsewo anatukuka usiku umodzi? Ngati anali oyenera mu 1961, chinawalepheretsa n'chiyani mu 1960?

Ku Congo ya Abeljiyamu zinalinso chimodzimodzi. Kumeneko ofufuza ankalowa m'nyumba ya wopempha kukaona ngati banja limadyera patebulo ndi mafoloko. Patrice Lumumba anapambana mayeso amenewo mu 1954.

Koma nkhani imene imandivuta koposa ndi ya kwathu konkuno. John Chilembwe anachita zonse zimene ankati wotukuka amachita. Anakaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, n'kubwerako mu 1900 ali m'busa. Anatsegula mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anamanga tchalitchi cha njerwa, anayambitsa masukulu, ndipo mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Taonani zithunzi zake: suti yoyenera thupi, kolala yowongoka, mayi Ida m'diresi lofika kumapazi. Munthu akanayembekezera kuti atsamunda asangalala kuti mbewu yawo yabala. M'malo mwake William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ankawotcha nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe, uku anthuwo akugwira thangata.

Kuwukira kumene Chilembwe anatsogolera mu January 1915 kutatha, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinayambitsa. Limodzi mwa madandaulo amene aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo anatula kumeneko linali la chipewa. Munthu wakuda wovala chipewa akakumana ndi Mzungu panjira ankayenera kuchivula, ndipo akachedwa ankakuwiridwa kuti "Chotsa chipewa!", mwinanso kulandira khofi. Iye akavula mwaulemu, Mzungu uja nthawi zambiri sankabweza moni. Chipewacho anabwera nacho ndi iwo, anatigulitsa ndi iwo m'masitolo awo. Nanga chinkawakwiyitsa n'chiyani akachiona pamutu pathu? Kodi ankafuna kuti titukuke tifanane nawo, kapena kuti tizingokhala tikutukulidwa chaka ndi chaka osafika? Ine ndikuona ngati chachiwirichi ndicho chinali choona, ndipo zimandipweteka, chifukwa anthu ngati Chilembwe anakhulupirira lonjezolo ndi mtima wonse.

Sindikunena kuti kuno kunali mtendere wokhawokha. Ku Nkhotakota a Jumbe ankaolotsa akapolo panyanja, ku Karonga Mlozi ankapasula midzi ya Ankhonde mpaka anagonjetsedwa mu 1895, ndipo mwavi unapha anthu osalakwa. Masukulu ndi zipatala za ku Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma zinapulumutsa miyoyo, ndipo zilembo zimene ndikulembera pano zinadzera kumeneko. Zimenezi ndi zabwino ndipo ndimaziyamikira. Funso langa lili pena. Dziko la Britain linaletsa malonda a akapolo mu 1807, n'kuthetsa ukapolo m'maiko ake ambiri ndi lamulo la mu 1833, ndipo linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukutamisozi kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu. Pa zaka zonse zija zombo za ku Liverpool ndi Bristol zinkanyamula anthu ngati katundu, kodi Angerezi anali otukuka kale? Ngati anali otukuka, ndiye kuti kutukuka sikuletsa munthu kugulitsa mnzake. Ngati sanali, anawatukula ndani? Palibe mtundu umene unaoloka nyanja kukawalamulira kuti asiye. Anatsutsana okhaokha m'matchalitchi ndi m'nyumba ya malamulo, akapolo a ku Jamaica nawonso anawukira, mpaka zinthu zinasintha. Nanga bwanji ife ankati sitingasinthe popanda wotigwira pakhosi?

Odziwa Chilatini amati mawu aja akuti civilise akuchokera ku civis, kutanthauza nzika. Ndiye kuti poyambirira kutukula munthu kunayenera kukhala kumulowetsa m'gulu la nzika, wokhala ndi mawu pa zochitika za m'dziko. Koma pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, atsogoleri ake ankati boma liyenera kukhala m'manja mwa anthu otukuka, ndipo mawu omwewo ndi amene ankatsekera akuda ambiri pakhomo la voti. Zimatheka bwanji kuti mawu obadwa kwa nzika akhale chomanira anthu unzika?

Ife tomwe tinawatola mawuwa ndipo timalasana nawo. Wobwera kumene m'tauni timamuti wotsalira, wachimidzi. Alipo masukulu amene amalanga mwana akamveka akulankhula Chichewa pabwalo. Tikamatero timakhala tikuyeza chiyani, mtima wa munthuyo kapena lilime ndi nsapato zake? Muyezo umenewu tinaubwereka kwa yani?

Ngakhale m'malamulo a maiko mawuwa sanachoke. Chikalata chokhazikitsa Khoti la Dziko Lonse la ku The Hague, cholembedwa mu 1945, pa ndime 38 chimati oweruza azigwiritsanso ntchito mfundo za malamulo zovomerezedwa ndi mitundu yotukuka. Ndimeyi ikadali momwemo mpaka lero. Malawi analowa m'bungwe la United Nations mu December 1964, choncho chikalatachi chimatikhudza ifenso. Kodi pa mitundu yotukukayo ife tilipo? Ngati tilipo, anatilemba ndani, ndipo anaonera chiyani?