Mutu umodzi susenza denga, nanga seva imodzi?

Akuluakulu amene anati mutu umodzi susenza denga ankanena chinthu chimene anachiona ndi maso. Denga la nkhokwe salimangira m'mwamba. Amalimangira pansi, pabwalo, ndi nsungwi ndi luzi, kenaka n'kuitana amuna a m'mudzi kuti alowe kunsi kwake, aliyense mutu pa phaso lake, ulendo wa kunkhokwe. Ukamaonera patali umangoona denga likuyenda ndi miyendo khumi ndi iwiri. Ndipo pagulu lotere sipalephera kupezeka bambo wamfupi amene mutu wake sukukhudza n'komwe denga, koma ndiye akukuwa kuposa onse kuti, “Kumanzere anthu inu, kumanzere!”

Mwambiwu tauvutitsa mokwanira pamaliro, pamisonkhano ya chitukuko ndi pamakalata opempha chopereka cha ukwati. Lero ndikufuna ndiulowetse mu ofesi, pansi pa desiki, pamene pamakhala kabokosi kakuda kolira usana ndi usiku kamene amakatcha seva.

Ife a ku Bua kuno, kumene mtsinje umatuluka m'nkhalango ya Nkhotakota n'kudutsa kunsi kwa msewu wa M5 kukathira m'nyanja, tinalowa m'kompyuta popanda wotifunsa. Mu 2017 a NRB anatijambula zithunzi ndi zala, anthu oposa 9 miliyoni dziko lonse, n'kutipatsa ziphaso za unzika. Mu 2020 kunabwera AIP, makuponi apepala n'kutha, feteleza wotsika mtengo n'kumagulidwa pounika chiphaso chija ndi foni. Ndi chaka chimenecho pamene agogo amene sanagwirepo kompyuta anaphunzira mawu oti netiweki, ndipo anawaphunzirira pamzere, ena atagona pa depoti usiku wonse. Mlembi akangoti, “Pepani mayi, netiweki yavuta,” nkhani yatha. Netiweki ndi wolakwa wabwino: alibe mudzi, alibe mfumu, sungamutengere kubwalo. Koma sikuti nthawi zonse vuto limakhala pa nsanja ya mafoni. Nthawi zina foni imafika bwinobwino kumene ikupita, n'kupeza mutu wa kumeneko wathyoka khosi.

Kumene foni imapitako ndi ku portal, khomo limodzi la pa intaneti limene anthu onse a bungwe amalowerapo, aliyense ndi dzina ndi pasiwedi yake, aliyense n'kuona zomuyenera. A msonkho ali ndi Msonkho Online. A zaumoyo ali ndi DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo, imene malipoti a m'zipatala amakathera. Kuseri kwa khomo lililonse lotere kuli ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yolandira alendo: kufunsa pasiwedi, kuonetsa fomu, kuwerengetsa, kubweza yankho. Yachiwiri ndi yosunga mayina, manambala, amene analipira ndi amene akuzemba. Yachiwiriyi ndiyo database. Khomo likawonongeka umamanga lina pofika Lachisanu. Database ikapita, bungwe limangotsala ndi mipando ndi chidindo.

Tiyerekeze kuti gulu lina la alimi a mpunga lapeza thandizo loti likhale ndi portal yake, yolemba mamembala, minda yawo, ndalama ya madzi ndi matumba a kilombero amene aliyense wasungitsa. Abwera mnyamata wa makompyuta. Ndalama zakwana seva imodzi, ndiye zonse aziunjika momwemo, khomo ndi nkhokwe yomwe. Sikuti ndi wopusa ayi, mapulogalamu ake ndi amene amanyengerera. Liferay, imodzi mwa mapulogalamu odziwika opangira portal, kwa zaka zambiri yakhala ikubwera ndi kadatabase kakang'ono m'mimba mwake kotchedwa Hypersonic, kuti munthu ayatse n'kuona mmene zikuonekera, ndipo eni ake amachenjeza poyera kuti kameneka n'koyesera chabe, osati kogwirira ntchito. Koma kwathu kuno chinthu chongoyembekezera ndicho chimakhalitsa. Pakatha zaka zitatu, mbiri ya bungwe lonse ikukhalabe m'kachinthu koyesera, pansi pa desiki ya akauntanti, pa soketi imodzi ndi ketulo.

Masiku wamba zonse zimayenda. Tsiku lake ndi lomaliza kulembetsa, pamene aliyense amakumbukira nthawi imodzi. Pulogalamu ya khomo, makamaka ya Java, imadya memory mosayang'ana mnzake. Database nayo ikufuna memory yomweyo. Ndiye Linux ili ndi chiweruzo chake: memory ikatheratu, imayang'ana amene wadya kwambiri n'kumupha pomwepo, popanda mboni. Ikapha khomo, anthu aima panja. Ikapha database, khomo limatsala chitsegukire, likumwetulira alendo koma osadziwa dzina la munthu aliyense. Apo n'kuti mayi amene amakolopa asanazule waya kuti atchaje foni.

Palinso akuba. Seva yolandira alendo imayang'ana kumsewu, ndipo tsiku lililonse imagogodedwa ndi timapulogalamu toyendayenda pa intaneti, toyesa maloko khomo ndi khomo. Database ikakhala momwemo, wakuba akangothyola chitseko wapeza chimanga pabalaza. Makolo ankaimika nkhokwe payokha kuti nyumba ikapsa chakudya chitsale. Ndikudziwa, ambiri masiku ano tinasiya nkhokwe, tikugona ndi matumba kuchipinda chifukwa cha akuba omwewo. Koma amene anaonapo nyumba yaudzu ikuyaka mwera uli pakati sangatsutse kuti makolo anali ndi mfundo.

Choncho akatswiri amati gawani: seva ina ya khomo, ina ya database, yachiwiriyo ibisike, isaonekere kumsewu, iziyankhula ndi mnzake yekhayo. Mpaka apa mwambi wapambana, tiuombere m'manja.

Chimene mwambi sunanene n'chakuti mitu ikachuluka pamafunika kuti mapazi agwirizane. Mutu umodzi umalephera kusenza denga, inde, koma sukangana ndi wina za njira.

Mnyamata uja wagula seva yachiwiri, waikamo PostgreSQL, wayatsa. Khomo likuti silikuona database. Ayang'ana m'mafayilo n'kupeza kuti adiresi ikadali localhost, kutanthauza kuti khomo likufunafuna mnzake m'thumba mwake momwe, pamene mnzakeyo anasamuka dzulo. Akonza. Sizikutheka. PostgreSQL ikangoikidwa kumene imangomvera mawu ochokera m'nyumba mwake, mpaka utaiuza pa listen_addresses kuti izitcheranso khutu panja. Akonza. Sizikutheka. Pali kafayilo kena, pg_hba.conf, kaundula wa alendo ololedwa, ndipo khomo silinalembedwemo. Alilemba. Sizikuthekabe, chifukwa firewall yatseka 5432, nambala ya chipata chimene PostgreSQL imalandirira alendo. Akanasankha MySQL bwenzi akulimbana ndi 3306, kulira kwake komweko.

Ikamakwana 11 koloko usiku, udzudzu wa kudambo utamupeza, mnyamata amachita chimene anzake ambiri padziko lapansi anachitapo. Mu kaundula muja alemba 0.0.0.0/0, kutanthauza kuti aliyense, kulikonse, takulandirani. Azimitsa firewall “kaye”. Pasiwedi aika admin123, akuti asintha mawa. Zatheka! M'mawa wapampando akumugwira chanza. Nkhokwe yaimadi payokha, koma pakati pa msika, makwerero ataimikidwa kale.

Apa ndi pamene bambo wamfupi uja amatulukira, atavala tayi. Pamsonkhano wa komiti, iye amene sanatsegulepo seva ndi kamodzi komwe ndiye amene ali ndi yankho: “Achimwene, bwanji osangoziika pa cloud?” Funso si loipa. Microsoft inatsegula malo ake osungira makompyuta ku Johannesburg mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo kumeneko soketi sailimbirana ndi ketulo. Kungoti cloud ndi kompyuta ya mwini wake, lendi yake ndi ya madola mwezi ndi mwezi, ndipo amene anali ndi bilu ya madola mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa kuti kumitamboko nakonso kumagwa matalala. Choopsa kwambiri ndi nzeru ya theka: database ku Johannesburg, khomo ku Nkhotakota. Tsamba limodzi la portal limatha kufunsa database mafunso makumi angapo lisanaoneke, ndipo funso lililonse liyenera kupita ku Joni n'kubwerako. Osenza denga limodzi sayenda wina ku Dwangwa wina ku Benga.

Zina n'zathu zokha, zosapezeka m'mabuku a azungu. Database ikaikidwa ndi zilembo zakale za latin1 m'malo mwa UTF-8, ŵ wathu amasanduka chizindikiro cha funso, dziko n'kukhala Mala?i, ngati kompyuta nayo ikukayika. Nanga kankhodolero ka mu ng'ombe ndi ng'oma? M'chiyankhulo cha SQL kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti mawu athera pano. Pulogalamu yolembedwa mwaulesi ikalandira dzina lokhala nako imatsamwa, ndiye mudzi wonse walembetsa kupatula banja limodzi limene sisitimu ikulikana chaka ndi chaka, anthu mpaka kuyamba kunong'ona kuti pali munthu. Munthu palibe, ndi kankhodolero. Koma musaseke kwambiri, chifukwa kabowo komweko ndi kamene akuba amalowetsera malamulo awo mu database. Dzina la agogo anu likagwetsa portal, dziwani kuti wakuba angathe kuitsegula.

Kugawa kumabweretsanso masamu owawa. Kale kunali khosi limodzi loti lithyoke, pano alipo awiri, ndipo lililonse likathyoka denga lagwa. Magetsi athu tikuwadziwa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Seva iliyonse ikufuna batire yake, ndipo batire ya mu UPS imafa mwakachetechete, n'kudzadziwika tsiku limene yafunika. Boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022 kuti makompyuta ake asamagone pansi pa madesiki, koma gulu la alimi lilibe mwayi umenewo. Chimene lingathe ndi backup. Funsani mu ofesi iliyonse, akuuzani kuti backup ilipo. Funsani kumene ili: mu seva yomweyo. Funsani ngati anayesapo kuibwezeretsa kuti aone ngati muli kanthu, muona anthu akuyang'ana kudenga.

Koma zonsezi n'zamakina, ndipo makina amagulika. Mutu umodzi weniweni m'nkhaniyi uli ndi makutu ndi tsitsi.

Kumbukirani 2013. Ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu sisitimu ya IFMIS kupita ku makampani amene sanagulitse boma kanthu, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa mu sisitimu. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, Epulo mpaka Seputembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita. Palibe anathyola chitseko ku Capital Hill. Olowa anali ndi makiyi. N'chifukwa chake kugawa kwenikweni n'kwa makiyi: akaunti imene khomo limalowera mu database isakhale ndi mphamvu yogwetsa chilichonse, wosunga database asakhale yemweyo wovomereza malipiro, ndipo kaundula wa amene analowa ndi chimene anachita azilembedwa pa makina achitatu amene awiriwo sangawafike. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu yambiri. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa intaneti alanda sisitimu ndipo akufuna dipo. Ena anatsutsa, n'kumati nkhani inali ya makiyi ndi malaisensi. Amene anali pamzere ndi tikiti ya basi m'thumba analibe nazo kanthu kuti wolondola ndani. Anangoona kuti dziko lathunthu laima panja pa nkhokwe yake.

Tibwerere kwa alimi athu. Maseva awiri akulira bwino, firewall inayatsidwanso, backup ikupita pa diski imene imagona kwa msungichuma. Ngakhale admin123 inasinthidwa, n'kuikapo pasiwedi yamphamvu, ya zilembo ndi manambala, yosalembedwa paliponse monga amalangizira akatswiri. Imakhala m'mutu mwa mnyamata uja basi. Ndiye ntchito ya thandizo yatha, malipiro aima, mnyamata wakwera basi ya ku Joni. Patapita miyezi, database yafuna kuti munthu alowemo. Wapampando, mlembi ndi msungichuma aunjikana pa foni imodzi pansi pa mtengo wa mango, pamene netiweki imagwira.

“Achimwene, tithandizeni pasiwedi ija.”

“Aaa, bwana, nthawi yapitatu. Tayesani dzina la mayi a kunyumba, kenaka chaka chimene tinakwatirana.”

Mlembi alemba. Yakana. Ayesa zilembo zazikulu. Yakana. Foni yaduka, mayunitsi atha. Akhala chete onse atatu, mpaka msungichuma, mayi wodziwa nkhani za m'mudzi, akonza mpango wake n'kufunsa kuti, “Kodi nthawi imene ankaika makinawa, anali ndi mkazi uti?”