Wogwada Kwambiri Muyang'anitsitseni

Kuno kwa Chowe, munthu amene akusirira unyakwawa simungamuone atakwinya nkhope. Ndiye amayamba kuvula chipewa, kugwada mpaka mawondo kutuwa, n'kumati, "Wawa amfumu, mwadzuka bwanji?" koma khutu lili pachifuwa cha gogoyo, kuwerenga kuti lero atsokomola kangati. Mfumu ikagwidwa ndi malungo, nduna zimapikisana kubweretsa chambo, nsomba yomwe ku Malombe masiku ano ndi yosowa, ndipo aliyense potuluka amapatukira kukhitchini kukanong'oneza mayi a pakhomo kuti nsomba ya mnzake uja asaiphike, sakudziwa kumene yadzera.

Ena amati matendawa ndi atsopano, anabwera ndi mswahala wa boma komanso mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Mbiri ikukana. Mfumu Mponda woyamba atamwalira m'zaka za m'ma 1880, pampando panakhala mwana wake, pomwe mwambo wa Chiyao umati ufumu ndi wa mwana wa mlongo. Abale anatengerana mfuti, moti Harry Johnston pomanga Fort Johnston mu 1891 anapeza banja litang'ambika kale, ndipo kuponi ya feteleza inali isanabadwe. Azungu nawo asatiseke. Philip II wa ku Macedonia, mwamuna wa akazi 7, anabayidwa mu 336 BC pa ukwati wa mwana wake wamkazi, ndipo wobayayo anali Pausanias, mlonda wake, munthu wolembedwa ntchito yoima naye pafupi. Mwana wa Philip, Alexander, atakhuta vinyo pa phwando mu 328 BC, anapha Cleitus, amene anamupulumutsa kunkhondo, chifukwa chomuuza zoona anthu akumva. Otamanda onse usiku umenewo anakagona ali moyo.

Mwina mukuti kuno sitiphana, timangokokana. N'zoona, koma si kuti mitima yafewa. Mpeni unalowedwa m'malo ndi kalata yopita kwa DC, yolembedwa "m'dzina la mbumba yonse," pomwe mbumbayo imadzamva za kalatayo pa sadaka, mpunga uli m'kamwa. Wolembayo mumupeza pomwepo, atakhala pamphasa ya kutsogolo, akupukuta misozi ndi dzanja limodzi, linalo likuyesa ngati chisoti cha malemu chimukwana. Amfumu, nduna imene imakutsutsani pabwalo dzuwa likuswa mtengo musaithamangitse. Mufufuze ija yakuombera m'manja musanamalize kulankhula.